Zomera za mu thanki ya nsomba zikungosungunuka, ndizichulukitse bwanji?

Funso: Ndili ndi thanki ya malita 60, muli ma guppy ndi ma tetra pang'ono, pansi ndinathira timiyala. Ndagula zomera kawiri konse, anubias, vallisneria, crypt ndi zina zazitali zomwe wogulitsa anati ndi hygrophila, koma pakangotha masabata awiri masamba amachita chikasu kenako nkumasungunuka, magalasi nkudzadza ndere. Layiti ndimayatsa ndikadzuka nkuzimitsa pogona. Ndikufuna zizikula mpaka ndizichulukitsa ndekha ndisamangogula. Vuto lili pati?

Yankho: Zikomo pofunsa, ndipo musanapitenso kukagula kachitatu ndikupempheni kuti zomwe zatsala mu thankimo musazule kaye, olo zikuoneka ngati zatha ntchito. Pisani dzanja mugwire pa tsinde penipeni pomwe masamba amachokera. Ngati pali polimba ndipo mizu ndi yoyera, chomeracho chili moyo. Ngati pakufinyika nkumanunkha, icho nde chapita, chotsani.

Kusungunuka kwa masabata awiri oyambawa nthawi zambiri si matenda ayi. Zomera zambiri zomwe timagula za mu akwariyamu sizimalimidwa pansi pa madzi, alimi ake amazilima mizu yokha ili mmadzi masamba ali pa mpweya, chifukwa choncho zimakula msanga, sizigwira ndere komanso zimapirira pa ulendo. Nde masamba omwe mwabwera nawo kunyumbawo ndi a pamtunda, okhuthala, opangidwira kupuma mpweya wa kunja. Mukawamiza sagwira bwino ntchito, chomera chimayamwa chakudya chomwe chili mmenemo nkuwasiya afe kwinaku chikutulutsa ena atsopano opyapyala oyenera mmadzi. Crypt nde katswiri wa zimenezi, amatha kusungunuka yense osatsala ndi tsamba olo limodzi, munthu nkutaya, pomwe pansi pa timiyala mizu ili bwinobwino ikanaphuka pakatha mwezi kapena kupitirira pang'ono. Chomwe mungachite ndi kudula masamba owolawo ndi sizasi kuti asaipitse madzi, basi, kenako kudikira. Kuzulazula nkumasuntha chomera sabata iliyonse kuti mwina pakona apa pakhala bwino ndi komwe kumamaliza zomera zambiri, chifukwa nthawi iliyonse mukazula timizu ting'onoting'ono timaduka chomera nkuyambiranso.

Komano chenjerani, pali zina zomwe zimagulitsidwa zili mmadzi koma si za mmadzi nkomwe. Dracaena, mondo grass, peace lily ndi zina za masamba a mizere yoyera kapena yofiira zowala bwino zija, izo zimapirira miyezi ingapo kenako zimawola ndithu, palibe feteleza angazipulumutse. Njira yachidule yoyesera ndi kuchivuula mmadzi, chikaima chilili molimba ngati duwa la mu mphika kayikirani, ngakhale anubias naye ndi wolimba choncho koma iye ndi wa mmadzi weniweni. Zomwe mwatchula inu zonse zinayi ndi zenizeni, nde apo mulibe vuto.

Vuto lalikulu ndikuliona pa layiti. Kuyatsa podzuka kuzimitsa pogona ndi maola 14 kapena 16, nde anthu ambiri amaganiza kuti kuwala kukachuluka zomera zikula msanga, koma chomera sichidya kuwala kokha. Kuti chipange chakudya chimafuna kuwala, mpweya wa CO2 ndi michere, zitatuzi ziziyendera limodzi, ndipo chomwe chaperewera ndi chomwe chimalamula liwiro la kakulidwe. Mfundo imeneyi ndi yakale, akatswiri a zaulimi a ku Germany, Carl Sprengel ndi Justus von Liebig, anaifotokoza mzaka za m'ma 1800 pokamba za mbewu za mmunda, ndipo mu thanki imagwira ntchito chimodzimodzi. Mmadzi chomwe chimaperewera msanga ndi CO2, chifukwa mpweyawu umayenda pang'onopang'ono mmadzi, kuchedwa pafupifupi ka 10,000 poyerekeza ndi mmene umayendera mu mpweya wa kunja. Nde inu mukuwalitsa tsiku lonse, zomera zanu zomwe zikadali zodwala sizingagwiritse ntchito kuwala konseko, masamba owola akutulutsa amoniya, wopindula ndi ndere basi.

Gulani ka tayima ka pa soketi muike maola 6 patsiku, nthawi yofanana tsiku lililonse. Ngati mumafuna kuonera nsomba madzulo mukaweruka, ikani kuti iziyaka masana mpaka usiku, zomera sizidziwa kuti kunja ndi nthawi yanji. Zikayamba kuphuka masamba atsopano ndere nkuchepa mutha kukweza kufika 7 kapena 8, kupitirira apo pa thanki yopanda CO2 sindikuona phindu lake. Ndipo ngati thanki ili pomwe dzuwa la pa windo limaomba mwachindunji, limenelo liwerengereninso, bola kuisuntha kapena kutchinga.

Tsopano za kubzala, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa mmene chomera chimabzalidwira ndi mmenenso chimachulukitsidwira, mukamvetsa chimodzi mwamvetsa zonse.

Anubias ndikukayikira kuti munamukwirira mu timiyala, pafupifupi aliyense amatero koyamba. Muoneni bwino, ali ndi tsinde lonenepa lobiriwira logona chammbali, masamba akuchokera pamwamba mizu pansi. Imeneyo ndi rhizome, ngati mmene jinja amakhalira, kungoti ya anubias siifuna kukwiriridwa, ikakwiriridwa imawola masamba nkumathothoka limodzilimodzi. Kwawo ku mitsinje ya kumadzulo ndi pakati pa Africa amamera atakakamira pa miyala ndi pa zikuni mmalo a mthunzi. Nde mmangirireni pa mwala kapena pa chikuni ndi ulusi osathina kwambiri, kapena dontho la super glue wa gel uja, ameneyo akauma saononga madzi. Pakapita miyezi mizu imagwira yokha ulusi nkuchotsa. Mizu yokha ikalowa mu timiyala palibe vuto, bola rhizome ili pamtunda. Kuchulukitsa kwake nkosavuta, rhizome ikatalika mumatenga lezala yakuthwa nkudula pakati, chidutswa chilichonse chikhale ndi masamba osachepera atatu kapena anayi ndi timizu pang'ono, nkumangirira chilichonse pachokha. Mbali yakumbuyo ija yomwe inkaoneka ngati yaima imadzatulutsa mphukira yatsopano mmbali. Koma musadule tizidutswa ting'onoting'ono chifukwa cha dyera lofuna zambiri, ameneyu amakula mochedwa zedi, tsamba limodzi pa masabata angapo, kachidutswa kakachepetsa kamangokhala osayenda mpaka kuwola. Ndipo poti amachedwa kukula masamba ake amagwira ndere msanga akakhala pansi pa layiti penipeni, muikeni pamthunzi wa zomera zina.

Ngati mukufuna chomera chomwe chizikupatsani ana popanda inu kuchita kanthu, pezani java fern. Naye ndi wa rhizome, womangirira osati wokwirira. Kunsi kwa masamba okhwima mudzaona timadontho tabulauni tondandalika, ambiri amati ndi matenda koma ndi njere zake za mtundu wa fern, musadule. Kenako kunsonga kwa masamba akalewo kumamera tiana tokhala ndi timasamba ndi timizu takuda tolendewera. Tisiyeni mpaka tifike masentimita atatu kapena anayi, kenako thotholani ndi zala nkumata pa mwala. Olo tsamba litathyoka nkumayandama lokha musalitaye msanga, kawirikawiri limatulutsa tiana lisanafe.

Vallisneria ndi crypt iwo amafuna mizu pansi, koma nawonso ali ndi malire. Pamene mizu yakumana ndi masamba, poyera paja, pazioneka pamwamba pa timiyala. Njira yake mumalowetsa mozama pang'ono kenako nkukoka mmwamba pang'onopang'ono mpaka poyerapo patulukire, mizu imakhala yaloza pansi bwinobwino. Mizu ikakhala yaitali kwambiri idulenitu itsale masentimita atatu kapena anayi, kusiyana nkuipinda. Vallisneria akangokhazikika simufunanso kumuphunzitsa kuchulukana, amatumiza kamtsitsi koyenda pansi kapena pamwamba pa timiyala, patsogolo pang'ono nkumera mwana, mwanayo nayenso nkutumiza kake, mpaka mzere wonse wa kumbuyo kwa thanki kudzadza. Cholakwika chomwe ndimaona kawirikawiri ndi kudula mwana msanga. Akadali wamng'ono amadya kuchokera kwa mayi ake kudzera pa kamtsitsi kaja, nde dikirani akhale ndi masamba anayi ndi mizu yakeyake, kenako dulani kamtsitsiko mbali zonse nkumuzula mosamala. Ngati wamera pomwe mukumufuna musiyeni choncho osadula nkomwe. Vallisneria amakonda madzi olimba okhala ndi laimu chifukwa amatha kutenga kaboni kuchokera ku bicarbonate, mchere wosungunuka womwe umapezeka mmadzi otere, nchifukwa chake amachita bwino olo popanda CO2 wa mu silinda. Chomwe sagwirizana nacho ndi mankhwala a mbotolo omwe amagulitsidwa ngati liquid carbon, muli glutaraldehyde, amapha ndere zina inde koma vallisneria amamusungunula. Masamba akatalika mpaka kugona pamwamba pa madzi, chotsani akale akunja kuyambira pansi, chifukwa tsamba lodulidwa pakati nthawi zambiri limayamba kuwola podulidwapo.

Crypt amachulukana chimodzimodzi koma mwaulesi, ana amamera pafupi ndi mayi nkupanga chitsamba, ndipo mwina patha miyezi yambiri musanaone woyamba. Ine ndimati musiyeni chaka chathunthu osamukhudza. Mukadzafuna kugawa zulani chitsamba chonse kamodzi, patulani ndi zala, bzalani, ndipo yembekezerani kuti ena asungunukanso nkudzaphukanso.

Hygrophila ndi anzake a timitengo monga ludwigia, rotala ndi bacopa, awa nde osavuta kuposa onse ndipo ndi omwe angakuthandizeni kulimbana ndi ndere chifukwa amadya msanga. Kawirikawiri amagulitsidwa atamangidwa mtolo ndi kachitsulo kofewa ndi siponji, kapena ali mu kamphika kodzadza ubweya wachikasu uja. Zonsezo chotsani. Mukabzala mtolo wonse pamodzi pansi pake sipafika kuwala kapena madzi oyenda, pamawola, kenako mumangoona timitengo tikuyandama. Bzalani kamodzikamodzi motalikirana masentimita awiri kapena atatu. Pa tsinde pali mfundo, pomwe masamba amatulukira, ndipo mizu ndi mphukira zatsopano zimachokera pa mfundo pomwepo. Chomera chikafika pafupi ndi pamwamba pa madzi, dulani nsonga yotalika masentimita 8 kapena 10, kudula pamwamba pang'ono pa mfundo, thotholani masamba a mfundo ziwiri za mmunsi, lowetsani mu timiyala kuti mfundo zimenezo zikwiririke. Pasanathe masabata awiri mizu imakhala yagwira. Chitsa chotsala chija musazule, pa mfundo ya pamwamba padzatuluka mphukira, nthawi zambiri ziwiri, nde pomwe panali kamtengo kamodzi pakhala nthambi ziwiri kuphatikiza nsonga yomwe mwabzala ija. Mukabwereza kangapo zitsa za pansi zimakalamba nkuyoyoka masamba, apo mumazula zakalezo nkubzala nsonga zokhazokha pamalo pake. Ngati nsomba zikumazula kapena timiyala tanu ndi tikulutikulu sitikugwira, siyani zodulazo ziyandame sabata imodzi, pamwamba pali kuwala ndi mpweya wokwanira, zikatulutsa mizu nkubzala.

Ndingakulangizeni kuti muonjezerepo hornwort kapena zoyandama monga frogbit ndi salvinia pa miyezi yoyambayi. Hornwort alibe mizu nkomwe, mukamukwirira amawola pansi, amangofuna kuyandama ndipo kachidutswa kalikonse kamakula. Zoyandama zili ndi mwayi woti masamba ake ali pa mpweya nde sizisowa CO2, zimayamwa zonyansa za nsomba mofulumira komanso zimachepetsa kuwala kofika pansi, ndipo tiana ta ma guppy timabisala mmizu yake. Kungoti muzivuula zina sabata iliyonse zisatseke pamwamba ponse, theka likhale poyera. Duckweed, timasamba ting'onoting'ono tija, ameneyo ganizani kawiri, akalowa kumuchotsa ndi ntchito.

Za chakudya. Timiyala tanu mulibe michere iliyonse, nde zomera zikudalira ndowe za nsomba ndi zakudya zotsala. Zimenezi zimapereka nayitrojeni ndi fosifolasi ndithu, koma potaziyamu ndi ayironi nthawi zambiri zimaperewera. Masamba amakuuzani okha ngati mukudziwa kuwawerenga, ndipo funso loyamba ndi loti akudwala ndi akale kapena atsopano. Nayitrojeni ndi potaziyamu chomera chimatha kuzisamutsa kuchoka ku tsamba lakale kupita ku latsopano, nde zikasowa oyamba kuonetsa ndi akale a mmunsi, chikasu ngati ndi nayitrojeni, timabowo ting'onoting'ono ngati ndi potaziyamu. Ayironi sasamuka, nde akasowa masamba atsopano a kunsonga ndi omwe amatuluka otuwa kapena oyererako pomwe akale ali obiriwira. Koma kuwerenga kumeneku kumagwira ntchito pa masamba omwe amerera mu thanki mwanumo, osati a kwa wogulitsa aja omwe akufa kale. Kwa crypt ndi vallisneria kwirirani ma root tab, timapiritsi ta feteleza, pafupi ndi mizu, mozama kuti asatulukire, nkumabwereza pakatha miyezi itatu kapena kutsatira zomwe zalembedwa pa paketi. Kwa hygrophila, anubias, fern ndi zoyandama pezani feteleza wamadzi wa akwariyamu wokhala ndi zonse pamodzi, yambani ndi theka la muyezo wolembedwa, kamodzi pa sabata. Feteleza wa kumunda musayerekeze kuthira mmadzi, wambiri ali ndi urea kapena amoniya, nsomba zitha kufa tsiku lomwelo. Madzi muzisintha kota kapena gawo limodzi mwa atatu sabata iliyonse, atsopanowo akhale ochotsedwa klorini, ndipo popopa zinyalala musabaye paipi mozama pomwe pali mizu. Kutentha kwa madigiri 24 mpaka 26 kukwanira nsomba zanu ndi zomera zonsezi.

Mwina mwaona zithunzi za mathanki okongola ngati nkhalango, pansi kapinga wobiriwira, zomera zofiira kuti psuu, nkumaganiza zogula silinda ya CO2. Kakongoletsedwe kameneko anakatchukitsa ndi Takashi Amano wa ku Japan, yemwe anamwalira mu 2015, ndipo nkokongoladi, koma kumadalira layiti yamphamvu, dothi lapadera, CO2 wofika pafupifupi mamiligalamu 30 pa lita, feteleza pafupipafupi ndi kudulira kosalekeza. Mpweyawo ukapitirira muyezo nsomba zimabanika nkumapumira pamwamba, ndipo usiku umayenera kutsekedwa chifukwa zomera sizikuugwiritsa ntchito. Wa mbotolo wopanga ndi shuga ndi yisiti uja umagwira koma sukhazikika, lero wambiri mawa wochepa, ndipo kusinthasintha kumeneko ndi komwe ndere zakuda za ngati ndevu zimakonda. Kwa inu panopa ayi, zomera zomwe muli nazo palibe olo chimodzi chofuna silinda. Ngati mudzafune kuyambiranso thanki ina, njira yomwe ndingati muyese ndi ya Diana Walstad, yemwe anailemba mu buku lake la Ecology of the Planted Aquarium la 1999, dothi wamba lopanda mankhwala lokhuthala masentimita awiri ndi theka pansi, pamwamba nkuphimba ndi timiyala ting'onoting'ono tokhuthala chimodzimodzi, zomera zambiri kuyambira tsiku loyamba, nsomba zochepa. Dothilo likamawola pang'onopang'ono limatulutsa CO2 ndi michere. Koma imeneyi ndi ya thanki yatsopano, musathire dothi mu thanki yomwe muli kale nsomba, ndipo mukadzaipanga dziwani kuti kuzula chomera kumavundula matope nde mumabzala kamodzi nkusiya.

Ndere zomwe zilipo kalezo simunanene mtundu wake. Ngati ndi zabulauni ngati fumbi zochoka mukangopukuta ndi chala, zimenezo ndi ma diatom, zimabwera pafupifupi mu thanki iliyonse yatsopano nkudzatha zokha. Zobiriwira za ulusi kulungani ndi mswachi wakale nkutaya, zikutanthauza kuwala kwachuluka. Zoterera zobiriwira modera zoyala ngati nsalu komanso zonunkha, amenewo ndi mabakiteriya osati ndere zenizeni, zimakonda pomwe madzi sakuyenda, zipopeni nkuona ngati fyuluta ikukankha madzi kufika ngodya zonse. Nkhono za nerite ndi ma shrimp a Amano zimathandiza kupukuta, koma zimangothandiza, layiti ikakhalabe maola 15 sizingakwanitse. Chomwe chimagwira ntchito kwenikweni ndi kudzadza thanki ndi zomera zokula msanga, nde nsonga zoyamba zomwe mudule pa hygrophila musapatse munthu, bwezerani momwemo mpaka pafupifupi theka la pansi likhale lobzalidwa.

Mukadzagulanso, tsukani bwino nkuyang'ana kunsi kwa masamba ngati kuli mazira a nkhono, amaoneka ngati kamadzi koterera kokhala ndi timadontho. Zomwe zimabwera mu tikapu totseka za tissue culture, zolimidwa mu labotale, zilibe nkhono kapena ndere, kungoti ndi ting'onoting'ono ndipo gel wa kumizu amayenera kutsukidwa yense musanabzale.

Pakatha miyezi ingapo mudzakhala ndi zodula zambiri kuposa malo, makamaka vallisneria, hornwort ndi zoyandama. Sinthanani ndi anzanu oweta nsomba, ndi mmene ambiri amapezera mitundu yatsopano osagula. Zotsala musataye mu mtsinje, mu damu kapena mu ngalande, olo kachidutswa kakang'ono. Hydrilla anafika ku Florida mzaka za m'ma 1950 ngati chomera cha mu akwariyamu, anatayidwa mu ngalande, mpaka lero boma kumeneko likuononga ndalama zambiri chaka ndi chaka kulimbana naye mu nyanja ndi mmitsinje. Ziyanikeni padzuwa ziume gwa kenako muponye mu bini, ndipo madzi osintha aja ngati muli tizidutswa thirirani maluwa pamtunda kutali ndi ngalande.